Chilengezo kwa masapota: mtengo wa pageti wasintha

Abale ndi alongo, masapota a timu yathu kuno ku Kasungu,

Komiti ikukudziwitsani kuti kuyambira masewero a Loweruka likubwerali, kulowa pageti ndi K1,000, osatinso K500. Ana a kupulayimale azilowabe ulere, bola abwere ndi wamkulu.

Tikudziwa kuti m'matumba mwauma, fodya sanayambe kugulidwa kuokushoni. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zinakwera: mafuta a minibasi yopita ku Mchinji kapena ku Dowa, mipira, ngakhale laimu wolembera mizere m'bwalo. Ndalama ya pageti isanafike kwa msungichuma, timayamba talipira eni bwalo, oyimbira, apolisi ndi oyang'anira geti. Yotsalayo nthawi zina sikwana n'komwe kugulira anyamata nsima ndi madzi masewero akatha.

Ndiye zija zomati "ndine mlamu wa kochi" zithere pomwepa. Aliyense alandire tikiti yodinda ndipo aisunge mpaka potuluka. Inu olumpha mpanda, timakuonani.

Ofuna kulipiriratu atumize kwa msungichuma pa Airtel Money kapena Mpamba. Lipoti la ndalama lidzawerengedwa pamsonkhano wa mamembala kumapeto kwa mwezi, mudzabwere ndi mafunso anu.

Zikomo,
Mlembi wa komiti