Za guwa la amayi ako ku Oaxaca

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yafika. Ndamva kuti apongozi ako akupatsa malo pa guwa lawo la Día de Muertos, mwambo wa ku Mexico wokumbukira omwalira, kuti uikepo chithunzi cha malemu amayi ako. Usakane. Koma poti manja akowo ndimawadziwa, tamvera.

Maluwa achikasu aja a cempasúchil usathamangire kugula. Ukagula sabata yathunthu lisanafike tsikulo, udzawapeza atawerama mitu. Gula pa 30 kapena 31 Okutobala, udule mapesi kunsi, uwaike m'madzi. Ena uwathothole, uyale kanjira kuchokera pakhomo mpaka pa guwa, chifukwa amati fungo lake ndi limene limalondolera mzimu kunyumba. Pa 1 Novembala ndi tsiku la ana omwe anatisiya, ndiye pamakhala maswiti, mkaka, zidole ndi chakudya chopanda tsabola. Mole (msuzi wa tsabola), mezcal (kachasu wa kumeneko) ndi fodya ndi za akuluakulu pa 2. Kapu ya madzi isasowe, akuti alendowo amafika ndi ludzu la ulendo, ndi kambale ka mchere pambali. Copal ndi utomoni wa mtengo wofukiza ngati lubani, amafuna khala lofiira, osati lawi. Ika kachidutswa kakang'ono. Ukathira dzanja lonse, utomoniwo umasungunuka n'kuzimitsa khala, iwe n'kutsala ukupemerera apongozi akukuyang'ana.

Malamulo a chakudya ndi osavuta: umaika chimene munthuyo ankakonda. Ndiye aphikire nsima ndi nkhwani wotendera. Masamba a dzungu ku Oaxaca amadya, pamsika ukafunse guías, ndipo mtedza uliko. Vuto ndi ufa. Wa m'masitolowo chimanga chake amayamba achiwiritsa ndi laimu, n'chifukwa chake nsima yako umati imanunkha tortilla, zigumu zawo zopyapyala zija. Gula chimanga choyera chouma, upemphe akugayire chosanyika. Amayi aja ankabweza nsima ya mibulu ali moyo, usaganize kuti asintha.

Unafunsa ngati mwambowu ndi wa tchalitchi kapena wa makolo. Ndi zonse, ndipo pa guwa pomwepo ukhoza kuzisiyanitsa. Masiku awiriwo anabwera ndi Asipanishi atagonjetsa Tenochtitlan, likulu la Aaztec, mu 1521, ndi a Oyera Mtima Onse ndi a Mizimu ya Omwalira. Tirigu wa pan de muerto (buledi wa akufa) ndi shuga wa maswiti ooneka ngati tizigaza tija anabweranso ndi iwo. Koma copal, maluwawo ndi tamales (mikate ya chimanga yokulunga m'masamba) anazipeza. Aaztec ankakhala ndi zikondwerero ziwiri za akufa cha mu Ogasiti, cha ana ndi cha akuluakulu, ndipo ankati womwalira amayenda zaka 4 kudutsa magawo 9 kuti akafike ku Mictlan, dziko la akufa, galu n'kumuolotsa mtsinje. Chenjera pang'ono apa: kumene uliko ndi kwa Azapotec ndi Amixtec, usawapatse mbiri ya anzawo. Uwapemphe akutengere ku Mitla ukaone manda akale a makolo awo.

Tsopano chimene chikundisowetsa tulo ndi makandulo. Guwa lonse ndi nsalu, mapepala opyapyala a papel picado akulendewera pamwamba, maluwa akuuma, mezcal ali pompo, kenako iweyo ndi machesi! Gula makandulo a m'magalasi, osati oima okha. Uwakhazike m'mbale ya mchenga, kutsogolo kwa guwa, osati pansi pa mapepala. Galasi likakhala lonyowa kapena chingwe chikapendekera m'mbali, limasweka. Katani uimange. Mphaka umutsekere kunja. Zenera likatseguka, mapepala amagwedezeka, iwo amati mzimu wafika, ine ndikuti tseka zenera. Ika ndowa ya madzi kuseri kwa chitseko, asekedi aseke. Sindikufuna kuti chaka chamawa azakhali ako adzandifunse kuti chithunzi chako tichitumize pa guwa la yani.

Azakhaliwo akuti chithunzi chabwino cha amayi ndi chija cha chitenje chobiriwira, koma chili kwa achimwene ako, ndipo foni sayankha. Ndayesa kuwauza azakhaliwo kuti kumeneko anthu amagona kumanda usiku wonse, akuimba ndi kudya pambali pa mitumbira. Anangoti chete, kenako n'kuti manda a amayi sanalambulidwe chichokere iwe. Sindinawayankhe.

Pa 3 chakudyacho mumagawana, akuti fungo lake eni ake atenga kale, koma nsima yogona masiku awiri usamupatse mwamuna wako, ndiponso nyerere zikapeza shuga uja, miyendo ya tebulo uiike m'zitini za madzi, apo ayi... magetsi azima, ndipitiriza mawa.

Ndine mnzako uja.