Lipoti la msonkhano wa kafukufuku wa autism ndi khansa ya m'mawere

A tcheya ndi anzanga nonse a m'gulu, zikomo pondituma, ndabwerako bwino ndiye nali lipoti monga tinapangana. Nkhani zikuluzikulu zinali ziwiri, zomwe zimakweza mwayi woti mwana akhale ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa kuti mwana azivutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu), komanso ngati chakudya chingatetezedi mayi ku khansa ya m'mawere. Zinanso zinalipo za ndalama za kafukufuku koma sizikutikhudza kwenikweni ndiye ndazisiya.

Ndiyambe ndi autism chifukwa ndipamene mtima wanga unakhala. Madokotala ananena mosapita m'mbali kuti gawo lalikulu ndi chibadwa, zomwe mwana amatengera kumtundu. Kafukufuku wa 2019 yemwe anaona ana pafupifupi 2 miliyoni m'mayiko asanu anapeza kuti chibadwacho chimatenga pafupifupi 80 peresenti, ndipo banja lomwe lili kale ndi mwana wa autism, mwayi woti wotsatira akhalenso nayo ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu. Zina zomwe zimaonjezerako ndi kubereka makolo atakula, bambo kapena mayi, mwana kubadwa masiku asanakwane, ndi shuga pa nthawi ya mimba. Koma anzanga mvetsani apa, zimenezi zimangokweza mwayi pang'ono basi, amayi ambirimbiri a shuga kapena obereka atakula ana awo alibe autism. Ndikutsindika chifukwa mayi wa mwana wotere amakhala atadziweruza kale yekha usiku ndi usana kuti kodi ndinalakwa chani, kale ngakhale madokotala ena ankanena kuti vutoli limabwera chifukwa mayi alibe chikondi pa mwana, bodza lomwe linazunza amayi kwa zaka zambiri, ndiye ife tisapite kukaonjezera katundu pa munthu wotopa kale.

Za katemera zinatenga nthawi ndithu. Mphekesera ija yoti katemera amabweretsa autism inayamba ndi pepala la dokotala wina dzina lake Andrew Wakefield mu magazini ya Lancet mu 1998, la ana 12 okha, magaziniyo inalichotsa mu 2010 ndipo iyeyo analandidwa chilolezo cha udokotala ku Britain. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000 ndipo mu 2019 anapeza kuti katemera wa chikuku wa MMR sabweretsa autism. Chimodzimodzi mphekesera yoti mayi akamamwa panado ali woyembekezera mwana amakhala ndi autism, ku Sweden mu 2024 anaona ana oposa 2 miliyoni, atayerekeza ana a mimba imodzi kusiyana kunasowa. Mankhwala omwe anatichenjeza kwenikweni ndi valproate, a khunyu aja, amenewa mayi akamamwa ali woyembekezera amakwezadi chiopsezo kwa mwana. Koma chonde chonde tisamuuze munthu kuti asiye yekha, kugwa khunyu uli ndi mimba ndi ngozi kwa onse awiri, akaonane ndi dokotala asanatenge mimba kuti aone ngati angamusinthire. Folic acid, mapilisi a vitamini aja amapatsa amayi oyembekezera, nayenso anatchulidwa, ku Norway mu 2013 amayi omwe anayamba kumwa asanatenge mimba ana awo a autism anali ochepa, sizinatsimikizike kuti ndi mapilisiwo koma amateteza kale msana wa mwana ndiye palibe chotaya.

Tsopano khansa ya m'mawere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka nayo ndipo 670,000 anamwalira. Ambiri mu holo muja tinkadikira kuti atiuza chakudya chakuti ndiye mankhwala, koma ayi ndithu. Kafukufuku wamkulu wa Women's Health Initiative ku America anatenga amayi pafupifupi 49,000, ena anawachepetsera mafuta nkuwaonjezera zipatso ndi zamasamba, ndipo zotsatira za 2006 zinaonetsa kuti odwala sanachepe mokhutiritsa, ngakhale patapita zaka zambiri omwalira nayo anachepako m'gulu limenelo. Wa ku Spain wotchedwa PREDIMED unaonetsa kuti odya zamasamba, nsomba, nyemba ndi mafuta a olivi anadwala ochepa, koma pa amayi oposa 4,000 odwala onse anali 35 okha, nambala yochepa kwambiri kuti tiyambe kulalikira.

Zomwe umboni wake ndi wolimba ndi zija sitikonda kumva. Mowa, wamtundu uliwonse kaya wine kaya chani, magalamu 10 a mowa weniweni tsiku lililonse, yemwe ndi pafupifupi tambula imodzi yaing'ono, amakweza chiopsezo ndi 7 peresenti. Kunenepa kwambiri mayi atasiya kusamba, chifukwa mafuta a m'thupi amapanga estrogen, homoni ya chikazi, yemwe amadyetsa mitundu yambiri ya khansayi. Kungokhala osagwiritsa ntchito thupi. Chabwino nchakuti kuyamwitsa kumateteza, miyezi 12 iliyonse imatsitsa chiopsezo ndi 4 peresenti. Soya anthu amamuopa pachabe, anatero madokotala.

Mayi wina yemwe anadwalapo anaimirira nkunena kuti iye samwa, anayamwitsa ana ake onse, koma inamugwirabe, ndipo dokotala anavomera kuti pafupifupi theka la odwala alibe chiopsezo china kupatula kukhala mkazi ndi msinkhu. Ine apa ndinaona kuti nkhani ya zakudya tikainena mosasamala mayi adzaona kam'bulu m'bere nkumati ine ndimadya bwino sichinthu ichi, kapena adzayamba zothira m'tiyi za pa Facebook mpaka nthawi itatha.

Ndiye ndikupempha kuti pa mkumano wathu ukubwerawu tikambirane izi. Pa maphunziro athu zakudya tizinena limodzi ndi kuyezetsa, kam'bulu, khungu la bere kusintha, nsonga kulowa mkati kapena kutulutsa magazi, munthu apite kuchipatala osadikira kuwawa poti poyamba nthawi zambiri sichiwawa. Pa autism tiphunzitse zizindikiro, mwana wosatembenuka akaitanidwa dzina, wosaloza zinthu, wochedwa kulankhula, kuti athandizidwe msanga, ndipo ndikufuna tiitane makolo a ana oterewa adzatiuze okha zomwe akusowa tisanalembe chilichonse. Mapepala omwe anatigawira ndapereka kwa a sekilitale, ofuna kuwerenga awafunse.