Mtsikana wa mufilimu uja sanafere chikondi

Akonzi,

Ndikutsutsana ndi amene analemba m'nyuzipepala yanu kuti mtsikana wa mufilimu yachikondi ija anaonetsa kulimba mtima pomwa tameki atamuletsa kukwatiwa ndi mnyamata wake. Mwanayo anangosowa kolowera basi.

Onerani bwino pomwe malume ake akuwerenga ndalama za mkulu wamalonda wofuna kukwatira mtsikanayo pakhonde, mayi ake ali chete kukhitchini, maso ali pamoto. Nkhani inathera pomwepo. Mnyamatayo naye musamuyeretse. Anamva kuti chibwenzi chake akuchipereka kwa wina, iye n'kukwera basi ya ku Joni, kusiya kakalata. Ameneyo ndiye mukuti ngwazi?

Kuno ku Ntcheu mafilimu otere timaonera m'mavidiyo sho a pa Lizulu, ndipo odzaza mabenchi ndi ana asukulu. Womasulira m'Chichewa uja akafika pa imfa amathira nthabwala, anyamata n'kumaimba mluzu. Tameki yemweyo akugulitsidwa pamsika, pafupi ndi tomato ndi kabichi, ndipo mwana akhoza kugula popanda womufunsa.

Chinanso, mtsikanayo ali Fomu 2. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma wolemba wanu sanatchuleko n'komwe.

Mukamalemba za mafilimu otere, lekani kukometsera kudzipha. Funsani aphungu a zamaganizo athirirepo ndemanga, ndipo pansi pa nkhaniyo muziika komwe wachinyamata wothedwa nzeru angakapeze thandizo.

Mphunzitsi wodandaula,
Lizulu, Ntcheu