Kuuma mtima kotere si misala

Akonzi,

Tipatseni mpata tifotokoze za khalidwe limene akatswiri a zamaganizo amalitcha psychopathy, chifukwa kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje ambiri amalisokoneza ndi misala. Munthu wotere amadziwa bwino chimene akuchita, koma alibe chisoni ndipo amanama osaphethira. Pakamwa pake mpozuna. Amakongola ndalama za banki m'khonde osabweza, amagulitsa ng'ombe ya amalume ake ku Ngabu, akagwidwa n'kuloza chala wina.

Pomuyeza, akatswiri amatsata mndandanda wa mfundo 20 za khalidwe, wolembedwa ndi Robert Hare, katswiri wa zamaganizo wa ku Canada. Pa mfundo iliyonse munthu amalandira malikisi 0, 1 kapena 2, onse pamodzi osapitirira 40, ndipo ku America wopeza 30 kupita m'tsogolo ndiye amaikidwa m'gululi. Kufunsa mwini wake yekha n'kosakwanira, popeza bodza ndiye luso lake. Pamafunikanso mbiri ya milandu yake ndi umboni wa ena.

Akaidi opeza zochuluka pa muyesowu amabwereza milandu yachiwawa kuposa anzawo, chifukwa mantha a chilango sawagwira kwenikweni. Komatu akaidi ambiri sali otero. Mnyamata woba chimanga madzi atakokolola munda wake wakankhidwa ndi njala.

Nkhawa yathu yaikulu ili pa ana. Mwana wozunza mbuzi komanso anzake osamva chisoni, chikoti sichimusintha. Chimene chimathandizako ndi malamulo osasinthasintha pakhomo ndi kumuyamikira nthawi yomweyo akachita bwino. Tikupempha boma litumize akatswiri a zamaganizo m'zipatala zathu zamaboma ndi m'ndende, kuti ana otere aziwonedwa msanga, akaidinso aziyezedwa asanatuluke.

Alangizi a zamaganizo,
Nchalo