Shafiti ya chigayo iyesedwe ikuzungulira pamalo a mabering'i

Bwana Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amisiri anzanga a pa lathe (makina odulira chitsulo chikuzungulira) muno mu Lusaka, komanso eni zigayo a ku Kanyama, Chawama ndi Matero amene amatibweretsera mashafiti. Chigayo chikayamba kunjenjemera n'kumadya mabering'i, mlandu timaupereka kwa wogulitsa mabering'i. Nthawi zina n'zoonadi. Koma mashafiti ambiri amene amafika pa benchi langa atalephera, vuto lawo limakhala kwa amene anawadula, chifukwa anangoyesa kukula kwake ndi micrometer n'kunena kuti yatha.

Pa chojambula cha shafiti pamakhala kabokosi kogawidwa patatu: kamuvi kamodzi kopendekeka, nambala, tinene 0.03, kenaka zilembo A-B. Malamulo a ISO 1101 ndi ASME Y14.5 amachitcha circular runout. A ndi B kawirikawiri ndi malo awiri okhala mabering'i. Shafiti ikazungulira kamodzi kathunthu pa mzere wapakati wodutsa malo awiriwa, muvi wa dial gauge (chida choyesera chokhala ndi muvi ngati wotchi) usayende kupitirira mamilimita 0.03 kuchokera pomwe watsikitsitsa kufika pomwe wakwereratu.

Micrometer singakuuzeni zimenezi. Pamalo okhala pule pakhoza kukhala mamilimita 50.00 ndendende paliponse pomwe mungayese, koma ngati pakati pake pasuntha ndi 0.02 kuchoka pa mzere wa mabering'i, muvi uyenda 0.04, kuwirikiza kawiri, ndipo shafitiyo yakanidwa. Zili ngati gudumu la njinga lozungulira bwinobwino koma lomangidwa mopendekera pa habu: mbali imodzi imakhula buleki ulendo uliwonse.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuyesa ntchito ikadali mu chuck (chogwirira chitsulo pa lathe) momwe yadulidwira. Muvi sugwedezeka, mmisiri amakondwa, kasitomala amalipira. Ugwedezekerenji, poti chitsulocho chikuzungulira pa mzere womwewo umene mpeni unachidulira? Cholakwika chimalowa pomwe mwaitembenuza shafiti mu chuck ya mano atatu kuti mudule mbali inayo, chifukwa chuck yotere, makamaka yakale, sibwezera pakati pamalo amodzimodzi. Dulani pakati pa ma centre awiri (nsonga zogwira shafiti kumapeto ake awiri), kapena gwiritsani chuck ya mano anayi n'kuyamba mwawongola ndi gauge. Poyesa, ichotseni, ipukuteni, igonekeni pa ma V-block awiri (zitsulo zokhala ndi mpata wooneka ngati V) pansi penipeni pa malo a mabering'i, ikani chotchinga kumapeto kuti isatsetserekere m'mbali, ndipo muziitembenuza ndi dzanja pang'onopang'ono nsonga ya gauge italoza molunjika pakati.

Malo amodzi sakwanira. Yesani kumapeto, pakati ndi kumapeto ena, malo alionse ndi muyeso wakewake. Ichi n'chifukwa chake muyeso wa kamuvi kamodzi suzindikira shafiti yowonda mbali imodzi. Mukaona timivi tiwiri tolumikizana pansi, imeneyo ndi total runout, ndipo gauge muyenera kuiyendetsa utali wonse wa malowo osaibwezera pa ziro.

Ena amati 0.04 ndi kanthu kochepa kuposa tsitsi. Inde, koma mota ya mapolo awiri pa magetsi athu a 50 Hz imazungulira pafupifupi 2,900 pa mphindi, ndiye kuti ka 48 pa sekondi. Pa liwiro lotere, pule yokhala pambali imakoka lamba n'kumutaya ka 48 sekondi iliyonse tsiku lonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogwedeza imawirikiza kanayi. Mwini chigayo amagula mabering'i atsopano, amayi akudikira pa mzere ndi matumba a chimanga, shafiti ndi yomweyo.

Ndikupempha makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA kuti wophunzira aliyense azigwira yekha dial gauge asanalandire satifiketi. Amisiri anzanga, gauge imene inagwapo pansi tiipereke ikayesedwenso, a Zambia Metrology Agency alipo pa ntchito yomweyi. Ndipo inu eni zigayo, musanalipire, pemphani kuti shafiti igonekedwe pa ma V-block muone nokha mmene muvi ukuyendera pamalo a pule.

Mmisiri wa lathe,
Kanyama, Lusaka