Njinga yamoto yoperekedwa kwa othandiza ovutika ikhale yoti iyende

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anthu amene ali ndi njinga zamoto zimene anasiya kuyendera, ndipo akulingalira zozipereka ku magulu othandiza anthu ovutika. Ine ndine msungichuma wa kagulu ka pampingo wathu kufupi ndi Mponela, m'boma la Dowa, kamene kamayendera odwala m'makomo, makamaka agogo amene alibe owasamala ndi anthu amene akumwa mankhwala a ARV kapena a chifuwa chachikulu. Kagulu kathu kalandirapo njinga zamoto ziwiri kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, ndipo zimene ndinaona pa mphatso ziwirizi ndi zimene zandichititsa kulemba kalata ino.

Njinga yoyamba inali Yamaha AG200, yochokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene anaigula pamene kampani ina inkagulitsa katundu wake wakale. Tsiku limene inafika amayi anaimba nthungululu, abusa anaipempherera, ndipo tonse tinkaona kuti mavuto oyenda wapansi m'matope a mwezi wa Januwale atha. Koma pasanathe milungu itatu tinazindikira kuti injini inkatulutsa utsi wambiri ndi kumwa oyilo, tcheni chinali chitatha, mabuleki akumbuyo sankagwira, ndipo batire inali yakufa. Choopsa kwambiri chinali chakuti blue book, chikalata chosonyeza mwini wa njinga, inali idakali m'dzina la kampani ija, inshuwalansi inatha kalekale, motero mnyamata wathu sakanatha kudutsa nayo pamsewu wa M1 popanda kuopa kuti apolisi amulanda. Ndalama zathu zimachokera m'zopereka za mamembala ndi m'chimanga cha m'munda wa gulu, ndiye sitinathe kugula masipeya onse nthawi imodzi. Njingayo inakhala kuseri kwa tchalitchi mpaka matayala anang'aluka, makoswe anaboola siponji ya pampando, ndipo dzimbiri linadya thanki. Ndimamva chisoni ndikaiona, chifukwa ndikudziwa kuti bambo amene anaipereka anali ndi mtima wabwino, koma mtolo umene anautula paphewa pake unagwera anthu amene analibe mphamvu zousenza.

Yachiwiri inali Honda XL125, yochokera kwa mlangizi wa zaulimi amene anapuma pantchito ndipo maso ake sankamulolanso kuyendetsa. Bambo ameneyu asanatiuze chilichonse anayamba waipititsa kwa makaniko, amene anasintha oyilo, pulagi, tcheni ndi tayala lakumbuyo. Kenaka anatenga wapampando wathu n'kupita naye ku ofesi ya nthambi yoona za pamsewu ku Lilongwe kukasintha umwini, analipira inshuwalansi ya chaka chathunthu, ndipo pobwera anatipatsa zisoti ziwiri, china cha woyendetsa china cha wokwera kumbuyo. Chimene chinandikhudza kwambiri chinali kabuku kakang'ono kachikuto chothimbirira, mmene ankalembamo tsiku lililonse limene anasintha oyilo ndi makilomita amene njinga inali itayenda. Anakhala masiku angapo akuphunzitsa mnyamata wathu kumanga tcheni, kutsuka fyuluta ya mphepo ndi kumvetsera kulira kwa injini m'mawa asananyamuke, ndipo anakana kupereka makiyi kufikira mnyamatayo atapeza laisensi. Njinga imeneyi ikuyendabe. Ndi imene imatenga odwala ofooka kupita nawo kuchipatala tsiku lolandira mankhwala, ndipo ndi imene inatithandiza kupeza msanga mayi wina amene anasiya kumwa mankhwala chifukwa miyendo yake inatupa ndipo sankathanso kuyenda ulendo wautali.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo munthu saika chinthu pamalo poti chikaonongeke. Sindikunena kuti wopereka agule njinga yatsopano, ayi. Njinga yakale yosamalidwa bwino imagwira ntchito yaikulu m'tinjira ta kumudzi mmene galimoto silingadutse. Anthu a m'boma lino amakumbukira maambulansi a njinga zamoto amene anaikidwa m'zipatala zina za kumidzi m'zaka za m'ma 2000 kuti azinyamula amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala chachikulu. Bungwe la Riders for Health, limene linayambitsidwa ndi Andrea Coleman, Barry Coleman ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, linabadwa chifukwa anthu amenewa anaona njinga ndi magalimoto a zaumoyo atangokhala chifukwa chosowa chisamaliro m'maiko a mu Africa. Oyendetsa njinga a bungweli akhala akunyamula magazi ndi makhololo kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono kupita kokayezetsa, ndipo maziko a ntchito yawo ndi kukonza njinga isanaonongeke. Ngati bungwe lalikulu chotero limaika mtima pa chisamaliro, kuli bwanji kagulu ka pamudzi kamene kalibe makaniko wakewake?

Nkhani ya mapepala ndiyo ndikufuna kuitsindika, chifukwa imateteza wopereka ndi wolandira yemwe. Njinga ikakhalabe m'dzina lanu, tsiku limene idzagunde munthu kapena kugwiritsidwa ntchito pa umbanda, apolisi adzayamba kugogoda pakhomo panu, ngakhale mutakhala kuti munaipereka zaka zisanu zapitazo. Ndiponso wopereka akamwalira, abale ake angathe kubwera kudzaitenga ngati katundu wamasiye, ndipo gulu silingakhale ndi umboni wokanira. N'chifukwa chake pamafunika kalata yofotokoza kuti njinga yaperekedwa kwa gulu, osati kwa wapampando kapena kwa abusa, yolembedwamo nambala ya injini ndi ya chesesi, yosainidwa pamaso pa amfumu ndi mboni. Musanapereke funsaninso ngati gululo ndi lodziwika. Mabungwe omwe si aboma amalembetsedwa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe oterewa, ndipo magulu a m'midzi amadziwika ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo ya boma lawo. Kufunsa zimenezi si kunyoza, pakuti masiku ano, pamene ntchito ya kabaza yafala paliponse, n'zosavuta kuti njinga yoperekedwa kwa odwala ipezeke ikunyamula makasitomala pasiteji, ndalama zake zikulowa m'thumba la munthu mmodzi.

Nafenso olandira tili ndi mbali yathu. Tinalakwa kulandira njinga yoyamba ija tisanaitane makaniko kuti aione, chifukwa tinkachita manyazi kufunsa munthu amene akutipatsa chinthu chaulere. Tikanamuuza moona mtima, mwina akanaigulitsa kwa ofuna masipeya n'kutipatsa ndalamazo, zimene zikanagula petulo wa miyezi ingapo kapena njinga zakapalasa za oyendera odwala. Tsopano komiti yathu inagwirizana kuti mwezi uliwonse tiziika padera ndalama ya oyilo ndi matayala tisanagule china chilichonse, ndipo kabuku kaja tikukalembabe, kuyambira patsamba pamene mwini wake analekezera.

Wowerenga wanu,
Mponela, Dowa