Lipoti la msonkhano wa malamulo okhudza ana banja likatha

Amayi a Tcheya, a komiti ndi amayi anzanga nonse,

Munandituma kuti ndikaimire gulu lathu ku msonkhano umene unachitikira kuboma. Otiphunzitsa anali majisitireti, mkulu wa ku ofesi ya Social Welfare, wapolisi wa ku Victim Support Unit ndi loya wa ku Legal Aid Bureau. Nazi zomwe ndakutengerani.

Nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali ndi ya kumene ana apite banja likatha. Kwathu kuno kwa chikamwini timangoti ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Abale athu olowola amati ana ndi a bambo chifukwa ng'ombe zinapita. A majisitireti ananena mosabisa kuti khoti silitsatira mbali iliyonse mwa ziwirizi. Limayendera lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 komanso gawo 23 la malamulo aakulu a dziko, ndipo funso limakhala limodzi: kodi mwanayu akhala bwino ali kuti? Mwana wamng'ono kawirikawiri amatsalira mayi, koma si kuti zinalembedwa pamwala. Khoti limafunsanso mwana wozindikira maganizo ake, limapewa kumwaza ana a mimba imodzi, ndipo likhoza kutuma a Social Welfare kukaona pakhomo. Kholo limene silinapatsidwe ana lili ndi ufulu wowaona. Apa bambo wina anadzuka n'kunena kuti ndiye kuti miyambo yathu yaponderezedwa. Anayankhidwa kuti ankhoswe akadali ndi ntchito yawo yoyanjanitsa, koma sangalande mwana kwa kholo lake.

Za chithandizo, zimene ife timangoti ndalama ya sopo, ndi pamene ndinatchera khutu kwambiri, chifukwa ambiri mwa ife ngongole za banki m'khonde timatengera fizi ndi yunifomu. Udindo wolera ndi wa makolo onse awiri, kaya panali ukwati kaya panalibe. Mwana wobadwira kunja ali ndi ufulu wofanana ndi anzake, ndipo bambo akakana mimba, khoti likhoza kugamula za ubambowo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Poika ndalama khoti limaona zomwe aliyense amapeza, ana ena amene akuwadalira, ndi kukwera kwa zinthu. Wapantchito akamazemba, ndalamayo ikhoza kudulidwa kumalipiro ake. Vuto, mwa kuona kwanga, lili pa amuna a geni ndi aganyu, komanso amene anapita ku Joni n'kusintha nambala. Funso limeneli linafunsidwa, ndipo yankho lake silinandikhutitse.

Loya uja anatsindika chinthu chimodzi chomwe ndikupempha tichisunge. Lonjezo lapakamwa pamaso pa ankhoswe kapena amfumu ndi labwino, koma munthu akalitembenukira mulibe pogwira. Chigamulo cholembedwa ndi khoti ndicho mungabwerere nacho kukadandaula. Choncho malisiti a kusukulu, buku la kusikelo, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, musamataye.

Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wachinkhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndiponso wongolowana, ngati anthuwo akhalira limodzi zaka zosachepera 5 ndipo khoti lavomereza. Wachinkhoswe umathera kwa majisitireti, pomwe wa kwa DC umapita ku High Court, komwe tsopano kuli nthambi yakeyake yoona za mabanja ndi chuma chamasiye. Pogawa katundu khoti siliwerenga ndalama zokha. Kulima, kuphika ndi kulera ana nazonso zimatengedwa kuti mayi anaikapo dzanja pa chumacho. Amayi ambiri m'holomo anaomba m'manja atamva zimenezi, ngakhale majisitireti anachenjeza kuti si nthawi zonse pamene kugawana kumakhala pakati ndi pakati.

Wapolisi analankhula mwachidule za lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006: womenyedwa angapemphe chikalata chomuteteza osadikira kuti ukwati uthe, ndipo khoti likhoza kulamula kuti wankhanzayo ndiye achoke panyumba. Ndikanakonda akanapatsidwa nthawi yokwanira, poti mafunso anali ambiri.

Osowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, koma pa nkhani ya chithandizo cha ana munthu akhoza kukayamba yekha kwa kalaliki wa khoti.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti tiitane a Social Welfare abwere pa tsiku lathu loponya masheya, ndipo tiitanenso amfumu ndi abambo amene amakhala ankhoswe m'mudzi muno, chifukwa milanduyi imayambira kwa iwo. Mapepala amene anatigawira ndawasiya kwa mlembi, ndipo ndalama ya thiransipoti yotsala ndidzabweza kwa msungichuma tikakumana Lachinayi.

Ine nthumwi yanu.